Mbiri ya ombwe: kuchokera kwa asodzi kufika m'dimba la masamba

Mlimi wotsogola akagawira anzake mbewu ya ombwe n'kuwauza kuti masamba ake amapha nsabwe za pa mpiru, amakhala waika dzina lake pachiswe. Anzake aja akapopera kawiri katatu nsabwe osafa, sabweranso kumunda wachionetsero, ndipo uphungu wina uliwonse umene adzawapatse m'tsogolo adzaukayikira. Zikatere timafulumira kunena kuti mlimi sanatsate ndondomeko. Koma kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2012 anaonetsa kuti nthawi zina vuto limakhala mu mtengo weniweniwo. Nkhani ino ikutsata mbiri ya mtengo umenewu, kuti alangizi ndi alimi otsogola a m'boma la Mwanza adziwe kumene uphungu wa ombwe unachokera, pamene unakhota, ndi zimene tingalonjeze mlimi wa m'dimba popanda kumunamiza.

Mtengo wa asodzi

Ombwe, amene ena amati mthuthu, ndi kamtengo ka m'gulu la nyemba. Amakula mamita awiri kapena atatu, masamba ndi zikhokhombe zake zimakhala ndi ubweya, ndipo maluwa ake amakhala oyera kapena ofiirira. Makolo athu anamudziwa kalekale asanabwere alangizi. M'madera ambiri a mu Africa muno anthu ankamudzala pafupi ndi nyumba kuti aziphera nsomba. Ankasinja masamba n'kukawathira padziwe madzi akachepa, ndipo nsomba zinkaledzera n'kuyandama. Usodzi wotere ndi umene timautcha wa katupe. Malamulo a zausodzi a dziko lino amauletsa, chifukwa umapha nsomba zazikulu ndi zazing'ono zomwe, komanso zamoyo zina za m'madzi.

Dzina la sayansi la mtengowu ndi Tephrosia vogelii. Analipereka ndi katswiri wa zomera wa ku England, Joseph Dalton Hooker, mu 1849, pokumbukira Theodor Vogel wa ku Germany amene anatolera zomera pa ulendo wa ku mtsinje wa Niger n'kumwalira mu 1841 pa chilumba cha Fernando Po.

Si kuno kokha kumene anthu ankapha nsomba ndi zomera. Ku Asia ankagwiritsa ntchito mizu ya Derris, ndipo ku South America mizu ya Lonchocarpus. Asayansi atapima zomerazi anapezamo mphamvu imene mu 1902 katswiri wa ku Japan anaipatsa dzina loti rotenone. Kenaka kunapezeka abale ake ena, monga deguelin ndi tephrosin, amene ndi ochuluka m'masamba a ombwe. Mphamvu zimenezi zimalepheretsa thupi la nsomba kapena la kachilombo kugwiritsa ntchito mpweya. M'zaka za m'ma 1930 ufa wa Derris unali kale pamsika ku Ulaya ndi ku America ngati mankhwala a m'minda ya masamba. Choncho nzeru ya asodzi inasanduka malonda kunja, pamene kuno ombwe anangokhalabe mtengo wa kuseri kwa nyumba.

Nthawi ya malimidwe ndi mankhwala a m'botolo

Boma la atsamunda linkadandaula kwambiri za kukokoloka kwa nthaka. Mu 1946 linakhazikitsa lamulo losamalira zachilengedwe, ndipo njala ya 1949 itadutsa linakhwimitsa zinthu. Alimi ankakakamizidwa kulima mizere yopingasa ndi kukumba milambala, ndipo wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Anthu anatcha malamulowa kuti malimidwe. Zambiri mwa njirazo zinali zothandiza nthaka, koma chifukwa zinabwera ndi chikakamizo, mlangizi ankaoneka ngati wapolisi. Mkwiyo wa malimidwe unali chimodzi mwa zimene zinakoleza zipolowe za 1953 m'chigawo cha kummwera, ndipo unathandiza chipani cha Nyasaland African Congress kupeza anthu kumidzi.

Pa nthawi yomweyo dziko lonse linali litatengeka ndi mankhwala atsopano. Paul Müller wa ku Switzerland anapeza mu 1939 kuti DDT amapha tizilombo, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1948. DDT anali wotchipa, wosavuta kusunga, ndipo mphamvu yake inkakhalitsa pa mbewu. Mankhwala a zomera, amene amatha mphamvu padzuwa m'masiku ochepa, anayamba kuoneka achikale. Kuno kwathu, m'zaka za m'ma 1960, alimi a thonje anaphunzitsidwa kupopera DDT ndi Sevin motsatira ndondomeko, ndipo zokolola zinakwera. Kuyambira pamenepo mchikumbe weniweni anali amene ali ndi mpope kumsana ndi thumba la feteleza m'nyumba.

Kukhalitsa kwa DDT kuja ndi kumene kunadzakhala vuto lake. Mu 1962 Rachel Carson wa ku America analemba buku lotchedwa Silent Spring, losonyeza mmene mankhwalawa amaunjikirana m'matupi a nsomba, mbalame ndi anthu. Maiko anayamba kuwaletsa pa ulimi mmodzimmodzi, mpaka pangano la ku Stockholm la 2001 linawalola makamaka polimbana ndi tizilombo tofalitsa matenda monga udzudzu. Ku Malawi lamulo loona za mankhwala ophera tizilombo linakhazikitsidwa mu 2000, ndipo linabala bungwe la Pesticides Control Board limene limalembetsa mankhwala ololedwa m'dziko muno.

Ombwe abweranso ngati feteleza

Chimene chinabweza ombwe m'mabuku a alangizi si tizilombo ayi, koma mtengo wa feteleza. Mu February 1994 ndalama ya kwacha inasiyidwa kuti mtengo wake uziyendera msika, ndipo inagwa kwambiri. Cha pomwepo thandizo la boma pa mtengo wa feteleza linachotsedwa, ngongole za m'makalabu a alimi zinali zitasokonekera, ndipo mabanja ambiri anadzala chimanga popanda chothira. Akatswiri anayamba kufunafuna mitengo yobwezeretsa chonde m'nthaka. Bungwe la ICRAF linkayesa gliricidia, jerejere ndi ombwe pa malo a kafukufuku a Makoka ku Zomba ndi a Msekera ku Chipata. Pulojekiti ya Malawi Agroforestry Extension Project, imene inayenda kuchokera 1992 mpaka 2002 ndi thandizo la USAID, inafalitsa mbewu ya ombwe m'maboma ambiri.

Njira imene inkaphunzitsidwa inali yosavuta. Mlimi amadzala ombwe m'munda wa chimanga nyengo yomweyo ya mvula. Chimanga chikakololedwa, ombwe amatsala akukula m'chilimwe chonse. Pokonza munda amadula mitengoyo, masamba n'kuwakwirira m'mizere, timitengo n'kukakolezera moto. Amene ali ndi malo okwanira amausiya munda chaka chachiwiri kuti ugonere. Mizu ya ombwe ili ndi timatuza mmene mumakhala tizilombo tabwino totenga nayitrojeni mu mpweya, ndipo masamba akaola chakudyacho chimatsala m'nthaka.

Pa nthawi imeneyi kunafalitsidwanso mbewu ina imene inkatchedwa Tephrosia candida, mtengo wochokera ku Asia umene unkayamikiridwa kuti umapereka masamba ambiri. Popeza cholinga chinali chonde, panalibe chifukwa chofunsira ngati mbewu iliyonse yogawidwa ili ndi mphamvu yopha tizilombo. Koma alimi, pokumbukira nzeru ya makolo, anayamba kuthyola masamba a mitengo yomweyo n'kumapopera pa masamba a m'dimba, kuthira m'nyemba zosunga, ndi kusambitsira ziweto pochotsa nkhupakupa. Mabungwe nawonso anayamba kulalikira kuti mtengo ndi umodzi, ntchito ziwiri. Ena zinkawayendera, ena ayi, ndipo panalibe amene ankadziwa chifukwa chake.

Mitundu iwiri ya mtengo umodzi

Kumapeto kwa zaka za m'ma 2000, akatswiri a Natural Resources Institute ya yunivesite ya Greenwich ndi a Kew Gardens ku England anagwirizana ndi anzawo a malo a kafukufuku a Lunyangwa, yunivesite ya Mzuzu ndi ICRAF kuti afufuze zomera zimene alimi amaphera tizilombo. Atafunsa alimi a masamba kumpoto kwa Malawi ndi kummawa kwa Zambia, pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2011, anapeza kuti ambiri amadalira mankhwala ogula, koma pa zomera zonse, ombwe ndi amene ankatchulidwa kwambiri.

Kenaka anatenga masamba kwa alimi n'kukawapima. Zotsatira, zimene Philip Stevenson ndi anzake anasindikiza mu 2012, zinali zodabwitsa. Ombwe ali m'mitundu iwiri imene maonekedwe ake ndi ofanana koma zam'kati n'zosiyana. Mtundu woyamba uli ndi deguelin, tephrosin ndi rotenone. Mtundu wachiwiri ulibe mphamvu zimenezi ngakhale pang'ono. Pa masamba otengedwa m'malo 13 a m'Malawi, pafupifupi mtengo umodzi mwa inayi iliyonse unali wa mtundu wachiwiri. Anapezanso kuti mitengo imene inkadziwika ndi dzina la Tephrosia candida pakati pa zimene anapima sinali candida konse, koma ombwe wa mtundu wachiwiriwu.

Chaka chomwecho Steven Belmain ndi anzake anayesa mitundu iwiriyi pa anankafumbwe a khobwe. Mtundu woyamba unapha, wachiwiri sunathandize kwenikweni. Anaonetsanso kuti madzi okha satulutsa bwino mphamvu ya m'masamba, chifukwa mphamvuyo sisungunuka msanga m'madzi, koma ukaonjezera sopo imatuluka yambiri.

Apa mpamene panagona nkhani. Mlimi amene ankati ombwe sagwira ntchito mwina sankanama, ndipo mwina sanalakwitse muyeso. N'kutheka kuti mbewu imene analandira zaka zapitazo, ndi cholinga chabwino chokonza nthaka, inali ya mtundu wopanda mphamvu. Mbewu imeneyo yakhala ikuyenda m'manja mwa alimi kuchokera nthawi imeneyo, ndipo palibe chizindikiro pa tsamba chimene chingatiuze motsimikiza kuti mtengo uwu ndi wa mtundu uti. Ngakhale mtundu wa duwa si wodalirika.

Zimene zinapezeka m'munda

Funso lotsatira linali lakuti kodi ombwe wabwino angapikisane ndi mankhwala ogula m'munda weniweni. Kafukufuku wa pa nyemba ku Tanzania, wosindikizidwa mu 2015, anayerekeza madzi a ombwe, deliya, futsa ndi Lippia javanica ndi mankhwala ogula a m'gulu la pyrethroid. Wina wosindikizidwa mu 2018, momwe munali akatswiri a LUANAR ku Bunda, anayesa zomera zomwezi ndi zina pa nyemba, khobwe ndi nandolo ku Malawi ndi ku Tanzania. Pa kafukufuku yense muwiri, chithunzi chinali chofanana. Mankhwala ogula ndi amene ankachepetsa kwambiri tizilombo toononga. Koma m'mapuloti opopera zomera zogwira bwino, monga ombwe, zokolola zinkayandikira za mankhwala ogula, ndipo tizilombo tothandiza mlimi tinkatsala tambiri. Tizilombo timeneti ndi monga akangaude, timavu tating'ono toikira mazira m'matupi a nsabwe, ndi tizikumbu tofiira ta madontho akuda timene timadya nsabwe.

Pali zinthu ziwiri zimene mlangizi ayenera kutolapo. Choyamba, ombwe sapukuta munda kuti mbee. Amachepetsa tizilombo n'kusiyira adani ake achilengedwe ntchito yotsala. Mlimi amene akuyembekeza kuona tizilombo titagwa pansi patangotha ola limodzi adzakhumudwa ngati sitinamuuze zoona pachiyambi. Chachiwiri, kafukufukuyu anachitika pa mbewu za m'gulu la nyemba. Pa mpiru, repu, chayinizi ndi kabichi tikhoza kuyembekezera thandizo pa nsabwe ndi mbozi zazing'ono zimene zili poyera, koma tiziyesa pamunda wachionetsero tisanalengeze pamsonkhano. Mbozi ya tomato yotchedwa Tuta absoluta, imene inachokera ku South America, n'kufika ku Spain mu 2006 ndipo kuno cha m'ma 2016, imabisala m'kati mwa tsamba ndi chipatso, momwe madzi opopera safika bwino. Pa mbozi imeneyi musalonjeze kuti ombwe yekha akwanira.

Tanthauzo lake ku madimba a Mwanza

Boma la Mwanza limadziwika ndi manachesi, koma mabanja ambiri a m'madera a zaulimi a Mwanza ndi Thambani amapezanso ndiwo ndi ndalama ya sopo kuchokera m'madimba. Msika ulipo: paboma, pachipata cha malire opita ku Zobue, ndi mumsewu wa ku Blantyre. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa feteleza ndi mankhwala unakweranso, monga zinachitikira mu 1994. Mlimi akapanikizika chonchi amagula mankhwala a m'timabotolo topanda chizindikiro, kapena kuchepetsa muyeso, zimene zimathandiza tizilombo kuzolowera mankhwala. Choncho ombwe ali ndi malo ake, bola tipewe zolakwa zimene mbiri yationetsa.

Yambani ndi kutsimikiza mbewu. Safunsa anadya phula. Musanagawe mbewu, funsani kumene inachokera ndiponso ngati mwini mtengo anaonapo masamba ake akupha tizilombo. Mukhozanso kuyesa nokha. Tengani mabotolo awiri ofanana, muikemo khobwe wofanana muyeso ndi anankafumbwe amoyo ofanana chiwerengero. M'botolo limodzi sakanizanimo ufa wa masamba ouma, linalo musathiremo kanthu. Tsekani ndi kansalu kuti mpweya uzilowa, ndipo muziwerenga akufa tsiku ndi tsiku kwa sabata imodzi. Ngati palibe kusiyana, mtengowo usiyeni ukhale wa chonde basi, ndipo mbewu yake isagawidwe ngati mankhwala. Mtengo umene wapambana uikeni chizindikiro, ndipo mbewu yogawa izichokera pamenepo.

Pokonza mankhwala, tsatirani muyeso umene unagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku. Umitsani masamba pamthunzi, osati padzuwa, kenaka sinjani. Thirani kilogalamu 1 ya ufa m'malita 10 a madzi, muonjezere sopo wamadzi wokwana mamililita 10 kapena kachidutswa ka sopo wochapira kosungunula. Zisiyeni usiku wonse, sefani ndi nsalu kuti mpope usatsekeke, ndipo poperani madzulo dzuwa litapepa, chifukwa dzuwa limapha mphamvu ya mankhwalawa ndiponso njuchi zimakhala zitachepa. Onetsetsani kuti madzi afika kunsi kwa masamba kumene nsabwe zimakhala. Popeza mphamvu yake sikhalitsa, yenderani dimba sabata iliyonse ndipo mubwereze ngati tizilombo tikuchulukanso.

Musaiwale kuti mtengowu unayamba ngati wophera nsomba. Madimba ambiri ali m'mbali mwa mitsinje, ndipo madzi a mtsinje wa Mwanza amatsikira ku Chikwawa mpaka kukathira mu Shire. Musatsukire mpope, ndowa kapena nsalu yosefera mumtsinje, padziwe la nsomba kapena pachitsime. Zotsalira zikwirireni kutali ndi madzi. Mawu oti "zachilengedwe" asatipusitse kuti palibe choopsa. Maiko a European Union anachotsa rotenone pa mndandanda wa mankhwala ololedwa pa mbewu mu 2008, ndipo kafukufuku wina anasonyeza mgwirizano pakati pa kugwiritsa ntchito rotenone ndi matenda onjenjemera a Parkinson. Posinja ndi popopera phimbani mphuno ndi pakamwa, sambani mukamaliza, mtondo wosinjira mankhwala usakhale wa chakudya, ndipo ana asakhale pafupi. Masamba opoperedwa asathyoledwe tsiku lomwelo kapena mawa lake. Padutse masiku angapo, ndipo atsukidwe bwino asanaphikidwe kapena kupita kumsika.

Pa za chonde, pali chenjezo limodzi lofunika kwa alimi a tomato. Mizu ya ombwe imasunga timinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu ya tomato, therere, biringanya ndi fodya. Choncho ombwe asadzalidwe m'mabedi a mbewu zimenezi, ndipo pamalo pamene panali ombwe pasatsatire nazale ya tomato. M'dzaleni kumunda wa kumtunda, pa akalozera, kapena kumalire kwa munda wa chimanga, n'kumatenga masamba okha kupita nawo kudimba kapena pa mulu wa kompositi. Pa bedi limene lagwidwa kale ndi timinyongolotsiti, chitani kasinthasintha ndi chimanga chachiwisi, chimene sichivutika kwambiri nato, ndipo thirani manyowa okupsa bwino.

Manyowa ndi amene amagwirizanitsa nkhani ya nthaka ndi ya tizilombo. Nthaka ya manyowa imasunga chinyezi, ndipo mbewu imene sikufota masana imapirira bwino akangaude ofiira, amene amaswana kwambiri kukatentha ndi kuuma. Feteleza wa nayitrojeni akachuluka mopyola muyeso masamba amakhala anthete kwambiri ndipo nsabwe zimawakonda. Kaya ndi kompositi ya m'dzenje, ya chimato, ya changu kapena manyowa a Mbeya, masamba a ombwe ndi a deliya ndi abwino kusakanizamo. Pa ntchito imeneyi ombwe wa mtundu wachiwiri ndi wothandiza ndithu, ndiye palibe chifukwa chomuzulira.

Zoti tisunge

Malimidwe anatiphunzitsa kuti njira yabwino ikabwera mokakamiza anthu amaikana. Nthawi ya DDT inatiphunzitsa kuti mankhwala amene akuoneka odabwitsa lero akhoza kudzaonetsa zovuta zake patapita zaka. Kugawa mbewu kwa m'zaka za m'ma 1990 kunatiphunzitsa kuti mtengo woperekedwa pa ntchito ina mlimi adzaugwiritsa pa ntchito inanso, choncho wogawa ayenera kudziwa chimene wanyamula.

Pempho lathu kwa alangizi ndi alimi otsogola a ku Mwanza ndi ili. Nyengo ya madimba ikubwerayi, pamunda wachionetsero uliwonse pakhale mabedi atatu a mbewu imodzi, odzalidwa tsiku limodzi ndi kuthiridwa manyowa ofanana: lina lopopera ombwe woyesedwa, lina la mankhwala ovomerezeka motsatira zolembedwa pa botolo, lina losapopera. Sabata iliyonse werengani tizilombo toononga ndi tothandiza pa mbewu khumi za bedi lililonse, ndipo pokolola lembani kulemera kwa masamba ogulitsika ndi ndalama zimene zalowa pa bedi lililonse. Lembaninso mudzi umene mbewu ya ombweyo inachokera. Zolembazi ziperekedwe ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu, kuphatikizapo za mabedi amene ombwe walephera, chifukwa zimenezo ndi zimene zidzatisonyeze midzi imene ikufunika mbewu ina.